Chingwe cha Agogo ndi Mbiri ya Olumala Kunyanja

M'nyumba mwa mayi anga ku Salima muli chingwe chakale cha khonje chimene palibe amaloledwa kumangira mbuzi kapena kuyanikapo zovala. Chili ndi mfundo zotalikirana mofanana kuyambira uku mpaka uko. Mwini wake adali malume awo a mayi, amene ife ana tinkangowatchula kuti agogo. Iwowa adachita khungu ali mwana atadwala chikuku, ndipo moyo wawo wonse adali mlimi wa thonje ndi chimanga m'mudzi wina kufupi ndi nyanja. Pobzala ankakhoma zikhomo ziwiri, kukoka chingwecho pamwamba pa mzere, n'kumayenda chowerama akupapasa. Pamene pali mfundo, pamenepo phando. Mizere yawo inkawongoka kuposa ya anthu a maso awiri, ndipo izi ndidaona ndekha, sindikuchita kumva.

Luso limeneli adaliphunzira kwa mnzawo wina amene adapita kusukulu ya osaona ya ku Mulanje, kumene ankaphunzitsa ulimi. Mnzawoyo atamaliza adakapatsidwa malo kusikimu ya Chinguluwe, konkuno ku Salima. Agogo adatsala kumudzi. Dzina la Chinguluwe ankalitchula monga momwe amuna a kale ankatchulira Joni, malo amene munthu amakabwerako ndi njinga ndi wailesi. Ine ndili mwana ndinkangoseka. Lero ndikamaganiza, funso limodzi limandivuta: chifukwa chiyani boma linkamuona mlimi wosaona ngati mlimi akakhala m'kati mwa malire a sikimu, koma akakhala kumudzi kwawo n'kumamuona ngati wopempha? Kuti tiyankhe funsoli tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono.

M'nthawi ya atsamunda, boma silinkadzivutitsa kwenikweni ndi anthu olumala. Ntchitoyi lidasiyira amishoni. Mukachoka ku Salima kulowera kummwera pa msewu wa ku Balaka mumafika ku Mua, m'boma la Dedza, kumene ansembe a White Fathers adakhazikitsa mishoni mu 1902. Mu 1927 kumeneko kudatsegulidwa malo osungirako odwala khate. Tisanyoze ntchito imeneyi ayi. Masiku amenewo wodwala khate ankamangiridwa kanyumba kunja kwa mudzi, chakudya akuchita kumuikira patali, ndiye amene adamulandira n'kumutsuka zilonda adachita zazikulu. Komabe tione bwino chithunzi chake: wodwala achoke pakati pa anthu, akakhale kwa anzake ofanana naye, kumeneko ndiko akathandizidwe.

Maphunziro nawo adayenda njira yomweyo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 amishoni adatsegula sukulu za ana osaona ku Chilanga m'boma la Kasungu ndi ku Lulwe m'boma la Nsanje. Mu 1968 a Katolika adayamba kuphunzitsa aphunzitsi a ana otere ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu. Mwana wosaona wa ku Salima amene makolo ake adamva za sukuluzi, ndipo adali ndi ndalama yokwerera basi, ankatha kuphunzira kuwerenga ndi zala. Amene makolo ake sadamve, monga agogo anga, ankakulira pakhonde akuingitsa nkhuku pa mphale.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma la Dr Kamuzu Banda lidaika mtima pa ulimi. Mu 1968 kudayamba chitukuko chachikulu cha m'mbali mwa nyanja m'chigawo chapakati, ndi thandizo la ndalama lochokera ku West Germany, likulu lake ku Salima. Misewu idalambulidwa, zitsime zidakumbidwa, alangizi adachuluka, ndipo alimi adalimbikitsidwa kulima thonje ndi mpunga. Chinguluwe idali imodzi mwa masikimu okhazikitsako alimi m'dera limeneli. Kenaka mu 1971 padachitika zinthu ziwiri zimene anthu saziika pamodzi kawirikawiri. Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lotchedwa Handicapped Persons Act, limene lidabala bungwe la MACOHA. Chaka chomwecho kudabadwa ADMARC, kulowa m'malo mwa Farmers Marketing Board. M'zaka za m'ma 1970 alimi osaona ophunzitsidwa bwino adayamba kupatsidwa minda m'masikimu, kuphatikizapo Chinguluwe.

Apa ndipo pali phunziro limene ndikufuna owerenga alisunge. Chimene chinkamukweza mlimi wosaona wa kusikimu sichidali chifundo. Adali ndi munda wodziwika kuti ndi wake. Mlangizi amene ankayendera alimi openya ankafikanso kwa iye. Ngongole ya mbewu ndi mankhwala opopera thonje inkalembedwa m'dzina lake. Akakolola, banja lake n'kumuthandiza kusankha thonje loyera ndi lothimbirira, sikelo ya ADMARC inkayeza mtolo wake monga inkayezera wa wina aliyense. Sikelo siyifunsa ngati mwini thonje amaona. Mabungwe wamba a boma, a ulimi, a ngongole ndi a misika, adamuwerengera m'kaundula wawo wa masiku onse, basi iye n'kukhala mlimi.

Tsono kunja kwa sikimu zinthu zidali bwanji? Agogo ankakonda kutisimbira za chaka china pamene adapita kukalembetsa kukalabu ya alimi kuti apeze ngongole ya feteleza. Amene ankalemba maina adakana, nati alembe dzina la mng'ono wawo. Ndidawafunsa tsiku lina tikukazinga chimanga: “Agogo, nanga iwo aja adati chifukwa chake n'chiyani?” Adaseka kaye, kenaka adati: “Iwe mdzukulu wanga, amati wakhungu sangabweze ngongole, akhoza kuthawa. Ndithawire kuti ine, munthu woti ngakhale kuchimbudzi ndimatsata chingwe?” Tidaseka tonse, koma mapeto ake sadali oseketsa. Feteleza adabweradi m'dzina la mng'ono wawo, thumba limodzi lidatsalira komweko, ndipo ngongole yonse adabweza ndi agogo. Munda wawo, thukuta lawo, koma m'mabuku a boma iwo mudalibe.

Uku ndiye kudali kufooka kwa nzeru ya masikimu. Inkathandiza ochepa osankhidwa, ndipo inkapatsa maofesi ena onse chifukwa chosambira m'manja. Bungwe la MACOHA lidagwira ntchito yooneka: fakitale yoluka nsalu ku Bangwe mumzinda wa Blantyre, sukulu ya ntchito zamanja ku Magomero ndi ina ku Lilongwe. Mu 1979 kudayamba bungwe la Malawi Against Polio, limene lidapatsa anthu ambiri ndodo, nsapato zachitsulo ndi njinga za olumala. Mu 1981 dziko lonse lapansi lidakumbukira chaka cha anthu olumala motsogozedwa ndi United Nations. Zonsezi zidali zabwino. Koma m'mutu mwa kalaliki wa ku ofesi ya zaulimi, mphunzitsi wamkulu wa pasukulu ya m'mudzi ndi wapolisi wa pakauntala mudakhazikika ganizo loti munthu wolumala ali ndi ofesi yakeyake kwinakwake, ndipo iwo sizikuwakhudza.

Ndiye kudabwera zaka zovuta. Mu 1987 boma lidalola amalonda wamba kugula mbewu kwa alimi, ndipo misika ina ya ADMARC ya kumidzi idayamba kutsekedwa. Chilala cha 1992 chidapsereza minda. Ngongole za alimi za bungwe la SACA zidagwa cha mu 1993 ndi 1994 anthu atasiya kubweza, nthawi ya mkokemkoke wa matipate. Mlimi wopenya adavutika, inde, koma ankatha kukwera njinga kukasaka wogula wa mtengo wabwino, ndipo ankatha kuyang'ana muvi wa sikelo ya venda. Mlimi wosaona adatsala pakhomo kudikira venda yemweyo, n'kumakhulupirira nambala imene wauzidwa. Zimene zidamukweza zija zitagwa, iye ndiye adagwa kwambiri. Pamenepa tikuonanso kuti moyo wake udamangirizidwa ku mabungwe wamba a boma kuposa ku bungwe la olumala.

Chaka cha 1994 chidabweretsa mawu atsopano. Malamulo oyendetsera dziko lino, m'gawo 20, adaletsa kusala munthu chifukwa cha kulumala, ndipo gawo 13 lidalamula boma kuyesetsa kuti olumala azitha kulowa m'malo a anthu onse, azipeza mwayi wa ntchito mwachilungamo, ndiponso azitenga mbali m'zochitika za dziko. Chaka chomwecho sukulu ya pulayimale idakhala yaulere, ndipo ana adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Koma tangoganizani kalasi ya pansi pa mtengo wa mango, ana oposa 100, mphunzitsi mmodzi wophunzitsidwa mothamanga. Mwana wosamva akakhala kumbuyo m'kalasi yotere, ndani angadziwe kuti sakumva? Chitseko chidatsegulidwa kwa onse, koma m'katimo mudakonzedwera ana oona, akumva ndi oyenda okha.

Chinthu chachikulu chimene demokalase idabweretsa n'chakuti olumala adayamba kudziyankhulira okha. Osaona adakhazikitsa Malawi Union of the Blind, osamva adali ndi MANAD, ndipo mu 1999 mabungwe otere adalumikizana kupanga FEDOMA, imene a Mussa Chiwaula adaitsogolera zaka zambiri. Mu 1998 boma la a Bakili Muluzi lidakhazikitsa ofesi ya nduna yoona za anthu olumala. Mu 2006 kudatuluka ndondomeko ya boma yofananitsa mwayi wa olumala ndi wa anthu ena. Mu 2009 Malawi adavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala. Mu 2012, a Joyce Banda atangolowa m'boma, Nyumba ya Malamulo idavomereza Disability Act, lamulo limene olumala adalidikira zaka zambiri, ndipo mu 2013 mayi Rachel Kachaje, amene adalumala ndi poliyo ali mwana, adasankhidwa kukhala nduna. Mu 2024 lamulo latsopano la Persons with Disabilities Act lidachotsa malamulo onse awiri, la 1971 ndi la 2012, ndipo MACOHA idasanduka MACODA.

Ngakhale mawu enieniwo adasintha. Agogo ankatchedwa akhungu, ena ankati opunduka, ena zilema, ngati kuti munthu ndi chinthu choika m'gulu la zipande ndi zikho. Lero pawailesi timamva kuti anthu a ulumali, ndipo maina achipongwe amene tinkaitanira anzathu achialubino tili ana sitiwatchulanso pagulu. Ine monga munthu wodya za mawu ndimakondwa nazo. Koma ndimadziwanso kuti dzina laulemu silichotsa sitepe pakhomo la ofesi.

Ndikutero chifukwa cha zimene ndidaona chaka chatha pa ofesi ina imene sinditchula. Ndidapeza mayi wina ali pa njinga yake yopalasa ndi manja pansi pa mtengo, dzuwa la kunyanja likuswa mtengo. Khomo la ofesiyo lidali ndi masitepe anayi. Mwana wawo wamkazi, wa zaka ngati khumi, ndiye ankakwera ndi mapepala, kubwerako ndi funso, kukweranso ndi yankho. Nkhani yake idali ya malo a malonda pamsika. Ulendo wachitatu mwanayo adatsika n'kunena kuti: “Amayi, akuti nkhani za olumala mupite nazo ku ofesi ya olumala.” Mayiwo adangoti: “Kodi mwawauza kuti ndabwerera za benchi yogulitsirapo usipa?” Ndidakumbukira agogo ndi kalabu ya alimi ija. Zaka zoposa 30 zadutsa, malamulo atatu alembedwa, koma yankho la pakauntala likadali lomwe lija.

Anthu amene akuyankhidwa chonchiwa si ochepa. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu a zaka zisanu kupita m'tsogolo, 10.4 pa 100 aliwonse ali ndi ulumali wina wake, ndipo anthu achialubino adalipo 134,636. Ndiye kuti pa anthu khumi oima pamzere kuchipatala, kubanki kapena pogula feteleza wotsika mtengo, mmodzi ndi wotere. Palibe bungwe limodzi, ngakhale litapatsidwa dzina latsopano ndi galimoto zatsopano, limene lingatumikire khamu lonseli m'malo mwa unduna wa zaulimi, wa zaumoyo, wa maphunziro ndi makhonsolo.

Maiko ena adafika pozindikira zimenezi. Ku Britain, lamulo la 2005 lidalamula kuti pofika December 2006 mabungwe a boma, kuyambira makhonsolo, zipatala mpaka apolisi, alembe ndondomeko yoonetsa mmene adzafananitsire mwayi wa olumala pa ntchito zawo, ndipo polemba akhale pansi ndi olumala eni ake. Nzeru yake idali yoti ofesi isadikire munthu kudzadandaula kuti wasalidwa, koma iyambe yokha kufufuza pamene ikutsekereza anthu. Sindikunena kuti tikope zonse za Azungu. Ndikungoti nzeru imeneyi ife tidaiona kale ndi maso athu ku Chinguluwe, pamene mlangizi wa alimi onse ankafika pamunda wa mlimi wosaona.

Ndipo pamene mabungwe wamba achita mbali yawo, zipatso zaoneka. Khate, limene lidadzaza malo aja a ku Mua, lidatsika kufika pa mlingo umene bungwe la WHO limafuna mu 1994, chifukwa mankhwala adayamba kufika kwa odwala kumidzi kwawo m'malo mowasonkhanitsa pamodzi. Matenda a maso a trachoma, amene adachititsa khungu anthu ambiri m'maboma ngati Salima ndi Nkhotakota, WHO idalengeza mu 2022 kuti salinso vuto lalikulu m'Malawi. Ndalama zamapepala zimene Reserve Bank idatulutsa mu 2012 zidaikidwa tizizindikiro totukuka kuti wosaona azitha kusiyanitsa ndi zala. Pa nkhani za pakanema wa MBC tidayamba kuona womasulira m'chinenero chamanja. Ndipo mu 2021 anthu a ku Nkhotakota North East, anansi athu a kunyanja, adasankha a Overstone Kondowe kukhala phungu, munthu woyamba wachialubino kulowa m'Nyumba ya Malamulo, patangopita zaka zochepa chiyambireni nkhanza zopha ndi kufukula manda a anthu achialubino kumapeto kwa 2014. Banki, wailesi ndi bokosi la voti si mabungwe a olumala. Adangochita ntchito yawo ya masiku onse mokumbukira kuti eni dziko ndi osiyanasiyana.

Nanga kwathu ku Salima tingayambire pati? Lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidapereka mphamvu zambiri ku makhonsolo, ndiye sitingamangoloza chala ku Capital Hill. Khonsolo ndiyo imavomereza mapulani a nyumba. Isadinde pulani ya sukulu, msika kapena chipatala chopanda njira ya njinga ya olumala ndi chimbudzi choti munthu wokwawa asakwawe m'zonyansa. Kuika njira imeneyi pomanga kumadya matumba ochepa a simenti, koma kugumula pambuyo pake ndiye kumadula. Ofesi ya zaulimi iwerenge alimi olumala amene ali m'kaundula wake m'dzina lawolawo, kuyambira Chinguluwe mpaka kusikimu ya mpunga ya Lifuwu, ndipo nambalayo izinenedwa poyera chaka ndi chaka. Chipatala chikhale ndi munthu mmodzi kapena awiri odziwa chinenero chamanja, kuti mayi wosamva asamafotokoze za m'mimba mwake kudzera mwa mwana wake wamwamuna. Mafuta oteteza khungu la anzathu achialubino azipezeka pa shelefu ya chipatala chaching'ono monga panado. Makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madoko a asodzi, monga ku Senga Bay ndi Chipoka, akhale ndi olumala okhala nawo pokambirana, chifukwa amene amasoka ukonde atakhala pansi amadziwa za nyanja mofanana ndi amene amapalasa bwato. Ndipo pa zonsezi pakhale ndalama yolembedwa mu bajeti ya ofesi iliyonse, chifukwa tidaona ndi thumba la olumala limene lamulo la 2012 lidalonjeza kuti lidatha zaka lili papepala pokha.

Wina anena kuti dziko ndi losauka, tiyambe tathandiza ambiri kenaka ochepawo. Ndimamva, koma ndimakumbukira mawu a akuluakulu akuti lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. Ngozi za kabaza wa njinga yamoto, sitiroko, shuga wodula miyendo ndi ukalamba womwe zikulemba anthu atsopano m'gululi tsiku lililonse. Bwana amene lero akukana kusaina pulani ya njira ya njinga, mawa akhoza kudzadikira pansi pa mtengo womwe uja, mdzukulu wake akukwera ndi kutsika ndi mapepala a penshoni.

Agogo adamwalira ine ndili kusekondale. Sadaone lamulo la 2012, ndipo ndikukayika ngati akadalimvetsa Chingerezi chake. Chimene ankafuna iwo chidali chapafupi: dzina lawo lilembedwe pamzere umodzi ndi alimi anzawo, mlangizi apatukire kumunda kwawo, ndipo sikelo iwerengedwe mokweza kuti amve okha. Mayi aja a benchi ya usipa ndidawasiya akadali pansi pa mtengo, mwana atakwera kachinayi. Pamene khonsolo yathu idzakhale pansi kukonza bajeti ya chaka chamawa, ndikupempha makhansala ndi mafumu kuti wina mwa iwo adzaimirire n'kufunsa ofesi iliyonse payokhapayokha kuti chaka chino yatumikira olumala angati, ndipo amene adabwerera pakhomo ndi angati. Ine ndidzakhala kumbuyo ndi kope langa, kudikira mayankho.